Kodi Elmer Akadapanda Kuseketsa Akadalandiridwa?

Mwa mabuku a zithunzi a ana amene amakamba za kusiyana ndi anzako, ndi ochepa amene adafika patali ngati Elmer, buku limene adalemba ndi kujambula David McKee wa ku England. Lidatuluka koyamba m'chaka cha 1968, ndipo kampani ya Andersen Press idalitulutsanso m'chaka cha 1989 litajambulidwa mwatsopano. Kuchokera pamenepo lamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 50. McKee adamwalira m'chaka cha 2022 ali ndi zaka 87, atalembanso mabuku ena ambiri a njovu yomweyi. Anthu akamalitchula bukuli amati limaphunzitsa mwana kudzivomereza monga adabadwira, ndipo ambiri amathera pomwepo. Ine ndimalikonda ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Komabe ndili ndi funso limene ndikuona kuti oliyamikira amalilambalala: kodi Elmer adalandiridwa m'gulu chifukwa choti ndi njovu ngati zinzake, kapena chifukwa choti amaseketsa?

Kwa amene sadaliwerenge, nkhani yake ndi yaifupi. Padali gulu la njovu, zina zazikulu, zina zazing'ono, zonenepa ndi zowonda, koma zonse zotuwa monga njovu zikhalira. Elmer yekha ndiye adali ndi khungu la zigamba zamakonamakona, china chachikasu, china chofiira, china chobiriwira, china chakuda, china choyera, ndi mitundu inanso. Iye ndiye amasangalatsa gulu lonse, ndipo kukamveka phwete la kuseka, woyambitsa amakhala iyeyo. Usiku wina tulo tidamusowa. Adayamba kuganiza kuti watopa nako kusiyana ndi anzake, ndipo adafika pokhulupirira kuti anzakewo amamuseka chifukwa cha khungu lake. M'mamawa adazemba n'kulowa m'nkhalango. Nyama zonse zimene adakumana nazo zidamupatsa moni pomutchula dzina. Atayenda mtunda adapeza chitsamba cha tizipatso totuwa, adachigwedeza, n'kugubuduka pa tizipatsoto mpaka thupi lonse lidatuwa. Pobwerera nyama zomwe zija zidamupatsanso moni, koma tsopano zidangomutchula kuti njovu. Adalowa m'gulu popanda womuzindikira. Anzake onse adali chiimire, duu, opanda ndi mmodzi yemwe womwetulira. Elmer adapirira kwa kanthawi, kenaka zidamukanika, adafuula mwadzidzidzi ndipo njovu zonse zidadzidzimuka n'kugwa uku ndi uku. Pomwepo mvula idagwa n'kumutsuka, zigamba zija zidaonekeranso, ndipo gulu lidaseka koposa kale lonse. Njovu zidapangana kuti chaka chilichonse pa tsiku limenelo zonse zizidzipaka mitundu yosiyanasiyana, pamene Elmer azidzipaka kutuwa.

Kuti tione chimene McKee adachita bwino, tiyenera kubwerera kaye kwa Hans Christian Andersen wa ku Denmark, amene dzina lake ndi lomwe kampani yosindikiza Elmer idatenga. M'chaka cha 1843 Andersen adatulutsa nthano ya kabakha konyansa, imene lero imapezeka m'mabuku a zithunzi osawerengeka. Nthanoyi ndi yankhanza kuposa momwe ambiri amaikumbukirira. Kabakhako kadaswedwa m'dzira lalikulu, mochedwa, ndipo kuyambira tsiku loyamba abakha amakaluma, nkhuku zimakajompha, mtsikana wodyetsa ziweto amakamenya theche. Abale ake a bere limodzi adakafunira kuti mphaka akagwire. Ngakhale make, amene poyamba amakaikira kumbuyo ponena kuti kamasambira bwino, adatopa n'kulakalaka kakadakhala kutali. Kadathawa. Kadaona atsekwe akuwomberedwa ndi alenje, kadakhala m'khumbi la nkhalamba ina momwe nkhuku ndi mphaka zidakanyoza chifukwa sikaikira mazira, ndipo nyengo yachisanu kadatsala pang'ono kufa madzi ataundana mokazungulira. Pomaliza kadaweramitsa mutu pamadzi poyembekeza kuphedwa ndi mbalame zokongola zoyera za khosi lalitali zimene pa Chingerezi amati swan, ndipo kadaona m'chithunzithunzi chake kuti nako ndi kamtundu womwewo.

Ana amakondwera ndi mathero amenewa, ndipo ndi zomveka. Koma tifunse bwino: chasintha n'chiyani? Abakha a m'khola lija sadapepese. Sadaphunzire kanthu, ndipo mwina sadamve n'komwe kuti mnzawo uja adathera kuti. Dzira lina lachilendo likadzaswedwa m'khola lomwelo adzalichita zomwezo. Kabakha kadapeza mtendere chifukwa kadapezeka kuti si kabakha ayi, ndi kamtundu wapamwamba, ndipo ana amene adabwera kudziwe adakatama kuti ndiko kokongola kuposa mbalame zinzake zonse. Andersen adali mwana wa wosoka nsapato ndi mayi wochapa zovala za anthu ku Odense, ndipo adakula n'kumadya ndi mafumu. Sizodabwitsa kuti adalemba nthano yotere. Vuto lake ndi lakuti imalonjeza mwana wosalidwa chinthu chimene ana ambiri sadzachiona. Imamuuza kuti apirire, tsiku lina adzasanduka. Nanga amene sadzasanduka? Mwana wachibwibwi, wosamva, woyendera ndodo, akafika zaka makumi awiri amakhala ali yemwe uja, ndipo khola limene akukhala ndi lomwe lija.

Apa ndi pamene Elmer amaposa nthano ya Andersen. Elmer sasanduka china chilichonse. Amabwerera ku gulu lomwe adachokera ali ndi khungu lomwe adabadwa nalo, ndipo amene amachita chinthu chatsopano pamapeto ndi gululo. Palinso mfundo ina imene ndimaiona kuti ndi yanzeru kwambiri: m'buku lonseli palibe njovu imene idamuthamangitsa Elmer. Palibe adamutukwana. Maganizo oti akusekedwa adamubwerera yekha usiku, anzake ali m'tulo. Aliyense amene adakhalapo yekha wa mtundu wake m'kalasi kapena m'mudzi wachilendo akudziwa kuti zimakhaladi choncho. Sipafunika munthu wokunyoza tsiku ndi tsiku. Anthu akaseka kumbuyo kwako umangoganiza kuti akuseka iwe, ndipo sungathe kufunsa.

Chinthu chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya moni ija. Popita, nyama zidamutchula dzina. Pobwera zidangoti njovu. McKee safotokozapo kanthu, amangoika masamba awiriwo kuti mwana aone yekha. Elmer adapeza chimene amafuna, ndiye kuti kufanana ndi anzake, koma adalipira ndi dzina lake. Kwa ife amene tikudziwa kulemera kwa dzina, amene timadziwa kusiyana kwa kuitanidwa ndi mfunda wako ndi kungoitanidwa kuti "aujeni", tsamba limeneli silisowa womasulira. Munthu wobisa chilankhulo cha kwawo akafika m'tauni kuopa kusekedwa kalankhulidwe amaidziwa bwino njira imene Elmer adayenda. Amalowadi m'gulu popanda womuloza chala, koma amene walowayo ndi theka la munthu.

McKee sadalembe izi mongopeka. Iye adanenapo poyera kuti mkazi wake woyamba adali wa magazi a Chingerezi ndi Chimwenye, ndipo tsiku lina akuyenda ndi banja lake ku Devon, mnyamata wina adakuwira mwana wake wamkazi mawu achipongwe onyoza khungu. Choncho kuseri kwa njovu yoseketsayi kuli bambo amene adaona mwana wake akunyozedwa pamsewu.

Tsopano ndibwere ku funso langa. Njovu zitadzidzimuka ndi mfuu ija, zigamba zake zisanaonekere n'komwe, zidadziwa kuti wochita zimenezi ndi Elmer, chifukwa palibenso wina amene akadatero. Chimene zidasowa m'mawa wonse uja ndi kuseka. Sitiona njovu ndi imodzi yomwe ikuyendayenda kumufunafuna, kapena kudandaula kuti mwina wagwa m'mbuna. Zidangoima chete ngati mudzi wopanda ng'oma. Ndipo atadziulula, palibe imene idamufunsa chimene chidamuchotsa pakati pawo. Njovu ina yokalamba idatenga zonsezo ngati nthabwala yoposa nthabwala zake zonse zakale. Taganizirani bwino pamenepa. Elmer adachoka chifukwa cha chisoni chimene chidamusowetsa tulo, adadzibisa thupi lonse, ndipo anzake adaona ngati ndi sewero. Iye sadawatsutse. Chisoni chake chidathera m'mimba, ndipo buku lidatha gulu lisanadziwe kuti mnzawo adavutikapo.

Ndiye ndimafunsa kuti, akadakhala Elmer wofatsa, wamanyazi, wosadziwa nthabwala, bwenzi pali tsiku lomukumbukira? Sindikukhulupirira. Malo ake m'gulu adawagula ndi ntchito imene amagwira. Khalidwe limeneli timalidziwa tonse kusukulu. Mwana wonenepa kwambiri kapena wamfupi kwambiri amaphunzira msanga kuti akayamba yekha kudziseka, anzake amamulola kukhala nawo. Amasanduka wanthabwala wa kalasi. Aphunzitsi amati mwana uyu ndi wansangala, sadandaula. Koma ndi msonkho umene akupereka tsiku lililonse kuti asakhale yekha pa nthawi yopuma, ndipo tsiku limene wadzuka wosakondwa alibe kolowera. Buku likamauza mwana wotere kuti anzako amakukonda chifukwa umawasangalatsa, likumuuza zoona, koma ndi zoona zowawa, ndipo sindikuona kuti n'zoyenera kuzikondwerera popanda kufunsapo kanthu.

Nthano zambiri za mtundu uwu zili ndi lipenga lomweli. Wosiyana ndi anzake amanyozedwa mpaka tsiku limene chilema chake chapulumutsa mudzi, ndiyeno onse amamunyamula pamapewa. Womvera amapita kwawo atakhutira. Koma phunziro limene latsala m'mutu mwa mwana ndi lakuti wosiyana ayenera kuonetsa phindu lake kaye, pamene ofanana ndi gulu safunsidwa kuti ali ndi phindu lanji. Njovu zotuwa zija palibe imene idachita chodabwitsa kuti ikhale m'gulu. Zidangobadwa.

Pali buku lina lakale limene pa mfundo iyi ndimaliona kuti lidalimba mtima kuposa Elmer. Ndi The Story of Ferdinand, limene adalemba Munro Leaf ndi kujambula Robert Lawson ku America m'chaka cha 1936. Ferdinand ndi nkhunzi ya ku Spain imene simakonda kugundana ndi zinzake. Imangokhala pansi pa mtengo kununkhiza maluwa. Make adada nkhawa kuti mwana wake asungulumwa, adamufunsa, ndipo ataona kuti ali bwino adamusiya. Tsiku lina njuchi idamuluma, adalumpha ndi ululu, ndipo anthu ofuna nkhunzi yolusa adamutenga pa ngolo kupita naye ku bwalo la ku Madrid kumene anthu amalimbana ndi ng'ombe. Atafika pakati pa bwalo adangokhala pansi n'kumanunkhiza maluwa amene amayi adatsomeka m'tsitsi. Adamuputa, osatheka, mpaka adamubweza kwawo. Ferdinand sapulumutsa aliyense, saseketsa aliyense, sapindulitsa aliyense. Chikhalirecho make sadamuikire malire. Bukuli lidatuluka chaka chimene nkhondo yapachiweniweni idayamba ku Spain, ndipo lidaletsedwa m'dzikomo pa nthawi ya ulamuliro wa Franco. Zikuoneka kuti ng'ombe yokana kuchita zimene gulu likuyembekeza idaopsa akuluakulu kuposa ng'ombe yolusa. Chofooka chake n'chakuti Ferdinand amathera yekha pansi pa mtengo, ndipo kwa ife amene timati kali kokha n'kanyama, mathero otere sakhutiritsa kwenikweni. Koma mayi uja ndi amene akusowa m'gulu la Elmer: wina wofunsa kuti kodi uli bwino.

Ndisamunamizire McKee kuti sadazione zimenezi. Iye adali munthu wochenjera, ndipo mabuku ake ena ndi owawa. M'chaka cha 1978 adatulutsa Tusk Tusk, momwe njovu zakuda ndi zoyera zimadana mpaka kuphana zonse, kupatula zokonda mtendere zimene zidathawira m'nkhalango. Patapita zaka, zidzukulu zawo zidatuluka zili zotuwa, ndipo zidakhala mwamtendere. Koma buku limatha njovu za makutu aang'ono zitayamba kuyang'anizana moipa ndi za makutu aakulu. Munthu wolemba mathero otere amadziwa kuti gulu silichira ndi chikondwerero chimodzi. Mwina n'chifukwa chake Elmer ali ndi mpata umene ndikuulozawu. Adausiya dala kapena ayi, mpatawo ulipo, ndipo wowerengera ana ayenera kuuona.

Wina anganene kuti ndikusenzetsa katundu wolemera buku la ana a zaka zitatu, loti munthu amaliwerenga mphindi zisanu. Mwana amangoona njovu yokongola, amaseka pamene zinzake zikugwa, basi. Ndikuvomera kuti mwana sakhala pansi kusanthula nkhani monga tichitira ife m'kalasi la zolembalemba. Koma buku la zithunzi limawerengedwa kambirimbiri, mwana yemweyo usiku ndi usiku, mpaka amaloweza. Chimene munthu wamva kakhumi ali ndi zaka zinayi chimakhazikika mozama kuposa chimene adawerenga kamodzi ali ku koleji. Makolo athu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake nthano za madzulo sadazitenge ngati zachibwana. Ndipo m'kalasi la ana makumi asanu ndi limodzi, amene angamve nkhaniyi mosiyana ndi anzake ndi mwana yemwe uja bukuli likuti likumuthandiza.

Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Malawi amene watenga bukuli kuti awerengere ana, ndipo m'kalasimo muli mwana wachialubino. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 anthu achialubino adayamba kusakidwa m'dziko muno, ndipo bungwe la Amnesty International lidalengeza m'chaka cha 2016 kuti anthu osachepera 18 adali ataphedwa. Kudatenga mpaka chaka cha 2021 kuti munthu woyamba wachialubino, a Overstone Kondowe, asankhidwe kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Mwana wotereyu vuto lake silichokera m'maganizo a usiku okha ngati la Elmer. Amamva ndi makutu ake akumuitana kuti napwere panjira. Mphunzitsi akatseka buku n'kunena kuti "mwaona ana inu, kusiyana n'kokoma", maso onse atembenukira kwa iye, ndipo mwanayo aphunzira kuti wasanduka chitsanzo. Akawonjezera kuti Elmer amakondedwa chifukwa amasangalatsa anzake, wamupatsanso ntchito. Kuli bwino mphunzitsiyo atembenuze funso, alisiye kwa njovu zotuwa. Elmer atachoka, ndani adazindikira? Chifukwa chiyani palibe idapita kukamufuna? Iwe ukadakhala m'gululo ukadamufunsa chiyani atabwerera? Mafunso amenewa amagwera ana ambiri aja, ndipo wosiyanayo amapuma.

Kwa ife ophunzira zilankhulo pali nkhani inanso, ya mawu. Munthu atafuna kulimasulira bukuli m'Chichewa angakumane ndi msampha pa tsamba loyamba lenileni. Ku England nsalu yolumikiza tizidutswa tamitundumitundu ndi luso limene anthu amanyadira, amafunda pabedi ndi kusiyira zidzukulu. Kwathu chigamba ndi chizindikiro cha umphawi. Mwana wovala kabudula wa zigamba ndiye amasekedwa. Ndiye tikati njovu ya zigamba, monga ndachitira m'nkhani ino, tabweretsa manyazi amene m'Chingerezi mulibe. Tikati ya mawangamawanga tachotsa manyaziwo, koma tapereka chithunzi cha nkhanga kapena kambuku, nyama zimene mawanga ndi chibadwa cha mtundu wawo wonse, ndipo chachilendo cha Elmer chachepa. Mbali inayo nakonso kuli vuto. Kutuwa m'Chichewa si mtundu chabe. Munthu wotuwa ndi wosadzola, wosasamba bwino, wovutika. Tikati njovu zonse zidali zotuwa, mwana wa Chichewa amva kuti gululo ndi lomvetsa chisoni nkhani isanayambe, ndipo Elmer akadzipaka kutuwa aoneka ngati wadzinyazitsa, pamene m'buku la McKee iye akungofuna kukhala wamba.

Ine ndikadasankha zigamba ndi kutuwa komweko, ndikudziwa kuti ndasintha kakomedwe ka nkhani. Chifukwa changa n'chakuti mawu awiriwa amachititsa kuti mbali zonse ziwiri zikhale ndi chozisekera. Wa zigamba angasekedwe, wotuwa angasekedwenso, ndipo palibe amene ali pamwamba. Womasulira wina angatsutse, n'kunena kuti ntchito yake ndi kusunga chimene mlembi adafuna, ndipo mkangano umenewo ndi wofunika kuuchita m'kalasi. Mitundu ya pakhungu la Elmer nayo ili ndi zake: Chichewa chili ndi mawu akeake a kufiira, kuyera, kuda, kubiriwira ndi chikasu, koma ena timabwereka, monga pinki ndi pepo, ndipo womasulira ayenera kusankha ngati abwereke kapena afanizire ndi zinthu zimene mwana amaziona, monga maluwa a mbatata kapena thambo lopanda mitambo.

Chikondwerero cha pamapeto chija anthu amachitama kwambiri, ndipo n'chokongoladi pa pepala: njovu zamizeremizere, zamadontho, zamaluwa, zikuyenda pa mzere. Koma ndi tsiku limodzi pa chaka. Utoto wa njovu zinazo umachoka madzulo, ndipo masiku 364 otsalawo zimabwerera ku kufanana kwawo kumene sikufuna kufotokozera aliyense. Kuvala khungu la mnzako kwa tsiku limodzi, ukudziwa kuti mawa ulivula, n'kosiyana ndi kubadwa nalo. Ndipo taonani chimene pangano lija lidamukonzera Elmer. Pa tsiku lotchedwa dzina lake, pamene aliyense wadzipaka mitundu, iye amayenera kukhala wotuwa. Pa chithunzi chomaliza mwana akafunsidwa kuti aloze Elmer, sachedwa, chifukwa m'gulu lonselo njovu yosiyana ndi zinzake ikadali imodzi yokha.